Ndege zotchipa: zimene angachotse ndi zimene sayenera kukhudza

M'chaka cha 2009, mkulu wa kampani ya ndege ya Ryanair ya ku Ireland, Michael O'Leary, anauza BBC kuti akuganiza zoti wokwera azilipira paundi imodzi akafuna kulowa m'chimbudzi cha m'ndege. Chaka chotsatira anabwera ndi zina: anthu ena aziyenda chiimirire pa maulendo afupiafupi, ndipo woyendetsa ndege wachiwiri achotsedwe, m'malo mwake mmodzi wa anthu otumikira okwera aphunzitsidwe kuteretsa ndege zinthu zikavuta. Pofika 2012 anali akunena kuti malamba a pampando alibe ntchito, ndege n'kumaifanizira ndi basi ya mapiko. Makampani a Spring Airlines a ku China ndi VivaColombia analankhulaponso zoimiritsa anthu. Palibe ganizo lililonse mwa amenewa limene linatheka, ndipo ambiri amati inali njira yongotchukira mwaulere. Komabe maganizowa ndi oyenera kuwaunika, chifukwa onse, kupatula la chimbudzi, akuloza chinthu chimodzi: kuchotsa zimene zimaoneka ngati zongokhala pa tsiku limene ulendo wayenda bwino. Chitetezo cha pandege chagona pa zinthu zotero, monga tayala la sipeya limene munthu amayenda nalo chaka chonse osalikhudza.

Kutsika mtengo kwa tikiti pakokha si chiopsezo, ndipo pamenepa makampaniwa tiwachitire chilungamo. Ryanair yakhala ikuuluka kuyambira 1985 ndipo sinachitepo ngozi yopha okwera. Chimodzimodzinso easyJet ya ku Britain, imene inayamba mu 1995. Amapulumutsa ndalama pogula ndege za mtundu umodzi kuti amakaniko ndi oyendetsa asavutike, potera pa mabwalo ang'onoang'ono otchipa, posachedwa pansi, ndiponso polipiritsa chakudya ndi katundu padera. Zimenezi zimawawa m'thumba ndi m'mawondo, koma sizipha.

Lamba ndi nkhani ina. O'Leary ankati ndege ikagwa, lamba sangapulumutse munthu. Vuto la mfundoyi n'loti ngozi zambiri za ndege si zija zoti onse amathera pomwepo. Mu July 2013, ndege ya Asiana inaomba khoma la m'mphepete mwa nyanja potera ku San Francisco, mchira n'kuduka. Mwa anthu 307, atatu ndi amene anamwalira, ndipo ofufuza a ku America anapeza kuti awiri amene anaponyedwa kunja sanamange malamba. Akanamanga, mwina akanakhala moyo. Ndiponso lamba sadikira ngozi. Mumlengalenga mpweya umavunduka, nthawi zina kumwamba kuli mbee, ndipo ndege ikatsika modzidzimutsa, thupi losamangidwa limatsalira m'mwamba n'kukaomba denga. Ndi zimene zinachitika pa 21 May 2024 m'ndege ya Singapore Airlines yochokera ku London: bambo wina anamwalira, anthu ambiri anavulala mitu ndi misana, ndege n'kukatera mwadzidzidzi ku Bangkok. Mipando ya ndege zatsopano imayesedwa kuti ipirire mphamvu yofanana ndi kulemera kwa munthu kuchulukitsa ka 16. Munthu woimirira, wogwira chitsulo ndi dzanja, alibe chomuteteza ku mphamvu yotere.

Nanga kuchotsa zimbudzi ziwiri kuti palowe mipando ina isanu ndi umodzi, monga O'Leary ananenera mu 2011? Chiwerengero cha mipando sichichokera m'mutu mwa mwini ndege. Ndege ya mtundu wa Boeing 737-800 imaloledwa kunyamula okwera 189, malinga ndi lamulo loti opanga ndege aonetse kuti onse angatuluke m'masekondi 90, theka la makomo lili lotseka. Chifukwa chake ndi moto ndi utsi. Pa 22 August 1985, injini ya ndege ya British Airtours inayaka pa bwalo la Manchester ndegeyo isananyamuke n'komwe, ndipo anthu 55 anafa, ambiri chifukwa chopuma utsi wa poizoni atapanikizana panjira yopita kukhomo. Aliyense amene anakwerapo minibasi yopakira anayianayi pampando akudziwa mmene kutsika kumavutira ngakhale palibe chowathamangitsa.

Komatu maganizo olengezedwa pawailesi sindiwo oopsa kwambiri, poti mabungwe oyang'anira ndege amawaona n'kuwakana. Oopsa ndi amene amachitika mwakachetechete m'mashedi okonzera ndege ndi m'maofesi. Pa 11 May 1996, ndege ya kampani yotchipa ya ValuJet inagwera m'dambo la Everglades ku Florida, anthu 110 n'kufa, moto utabuka kuchokera ku zitini zopangira mpweya wa okosijeni zimene kampani yopatsidwa ntchito yokonza ndege inalongedza mosatsata malamulo. Mu January 2000, anthu 88 anafera m'nyanja pafupi ndi California chifukwa chitsulo chowongolera mchira wa ndege ya Alaska Airlines chinaperepeseka posowa girizi, kampaniyo itatalikitsa nthawi yopakira girizi ndi yoyendera chitsulocho. Wokwera sangaone zimenezi pa tikiti. Mafutanso ndi choncho: kunyamula ambiri kumalemeretsa ndege n'kudyetsa ndalama, koma lamulo limafuna kuti pakhale otsalira a mphindi 30 osakhudzidwa. Pa 26 July 2012, ndege zitatu za Ryanair zinalephera kutera ku Madrid chifukwa cha mvula ya mabingu, zinapatukira ku Valencia, ndipo zonse zinalengeza kuti mafuta atsala pang'ono. Ofufuza a ku Ireland anapeza kuti zinanyamuka ndi mafuta okwanira mwalamulo, ndipo zonse zinatera bwino. Ndege yahayala ya LaMia, imene inanyamula timu ya mpira ya Chapecoense mu November 2016, inalibe otsalirawo. Mafuta anatha pafupi ndi Medellín ndipo anthu 71 anafa.

Wina anganene kuti malamulo okhwima amakweza mtengo, ndipo wosauka akalephera kugula tikiti amakwera basi kapena galimoto, kumene ngozi ndi zochuluka kuposa pandege. Mfundoyi ndi yolemera, ndipo n'chifukwa chake si bwino kutsutsa chilichonse chotsitsa mtengo. Koma mbiri ya Ryanair yomweyo ikuyankha: yakwanitsa kugulitsa matikiti otchipa kwa anthu mamiliyoni ambiri ili ndi malamba, mipando ndi oyendetsa awiri m'ndege iliyonse. Mbiri yabwinoyo yabwera pansi pa malamulo amene mkulu wake ankawadandaula, choncho singakhale umboni woti malamulowo achotsedwe.

Ganizo limene silinafe ndi la woyendetsa mmodzi, ndipo m'zaka zaposachedwa opanga ndege akuluakulu, kuphatikizapo Airbus, alifufuza mwakhama, makamaka loti pa ulendo wautali mmodzi azitsala yekha mnzake akupumula. Iwo amati makompyuta ndiwo akuyendetsa ndege nthawi yambiri, ndipo n'zoona. Koma wachiwiriyo sanaikidwe kuti azingogwira chiwongolero. Mmodzi akamayendetsa, mnzake amawerenga zida, amalankhula ndi a pansi, ndipo amamudzudzula akalakwitsa. Mutu umodzi susenza denga, makamaka usiku munthu atatopa. Ndipo woyendetsa ndege ndi munthu, amadwala. Pa 17 February 2024, ndege ya Lufthansa yochokera ku Frankfurt kupita ku Seville inauluka pafupifupi mphindi khumi popanda woiyang'anira: kaputeni anali atapita kuchimbudzi, mnzake n'kukomoka ali yekha. Kompyuta inaisunga ndegeyo m'njira yake, inde, koma amene anaganiza zopatuka, n'kuiteretsa ku Madrid ndi anthu oposa 200, anali kaputeni uja atabwerera pampando. Mu 2025, kafukufuku wa bungwe loyang'anira chitetezo cha ndege ku Ulaya, EASA, anapeza kuti ndi zida zimene zili m'ndege pakali pano, palibe umboni wokwanira woti woyendetsa mmodzi angateteze anthu mofanana ndi awiri.