Musanagule Nyumba Kunyanja, Funsani Kumene Madzi Amapita

Nyumba zambiri za kunyanja zimagulidwa m'chilimwe, pamene nthaka yauma gwaa ndipo khoma lililonse likuoneka labwino. Apa mpamene ogula amapusitsika. Boma la Nkhata Bay limalandira mvula yochuluka kuposa madera ambiri m'Malawi muno, ndipo nyanja imadzaza kwambiri cha mu Epulo ndi Meyi. Abale ndi alongo, nthawi yokaonera nyumba ndi imeneyo.

M'chaka cha 1980 nyanja inakwera kufika pafupifupi mamita 477 kuyerekeza ndi nyanja zamchere. Mu 2024 inapitiriranso mamita 476, madzi nalowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo. Akuluakulu a ku Chintheche ndi ku Kande amadziwa pamene madzi analekezera zaka zimenezo. Afunseni iwo, osati wogulitsa yekha.

Koma madzi ovuta kwambiri ndi ochokera pansi. Nyanja ikakwera, madzi a m'nthaka nawonso amakwera, makamaka pamchenga ndi pafupi ndi madambo monga la Limphasa ku Mpamba. Yang'anani m'munsi mwa khoma. Zoyera ngati mchere pa njerwa, pulasitala wofufuma, chuku kuseri kwa kabati, zonsezi ndi umboni. Penti watsopano wolekezera m'mawondo ngwokayikitsa. Funsani ngati omanga anayala pulasitiki pansi pa simenti. Suzumiraninso m'chitsime ndi m'chimbudzi: ngati madzi ali pafupi ndi kukamwa, chimbudzicho chikhoza kuipitsa chitsime, ndiye madzi akumwa ndi a udhu omwe. Kolera ya mu 2022 sitinaiiwale kuno.

Ku Usisya vuto ndi madzi otsetsereka m'mapiri. Ngalande idutse kumtunda kwa nyumba, ndipo bwalo lipendekere kunja.

Nyumba zina zomangidwa pamtsetse zili ndi chipinda chapansi chokhala ndi dzenje losonkhanitsa madzi ndi pampu yowapopera kunja. Thirani ndowa zingapo m'dzenjemo. Pampu yabwino imayamba yokha, nileka yokha madzi akatsika. Tsatirani paipi yake muone ngati sikutayira pafupi ndi maziko. Ndipo popeza magetsi amakonda kuzima pa mvula yamkuntho, pampu yopanda batire kapena sola ine sindiiwerengera.

Malamulo a Chisilamu amaletsa wogulitsa kubisa chilema cha katundu wake, ndipo wogula akachipeza pambuyo pake ali ndi ufulu wobweza. Komabe kubweza nyumba ndi mlandu wautali. Zonse zimene wogulitsa wanena za madzi zilembedwe m'pangano pamaso pa mboni.