Choko kudzanja ili, mfuti kudzanja linalo

M'mwezi wa Epulo chaka cha 2024, aphungu a nyumba ya malamulo ya chigawo cha Tennessee, m'dziko la America, adavomereza lamulo lolola aphunzitsi a m'sukulu za boma kulowa m'kalasi ndi mfuti yaing'ono yobisa m'zovala. Bwanamkubwa wa chigawochi, a Bill Lee, adalisaina. Mphunzitsi wofuna kutero ayenera kuphunzira kagwiridwe ka mfuti kwa maola 40, kupimidwa maganizo, ndi kulandira chilolezo kwa akuluakulu a sukulu ndi a polisi. Koma makolo sauzidwa kuti mwa aphunzitsi a mwana wawo, wonyamula mfuti ndi uti.

Lamuloli lidabadwira pa maliro. Pa 27 Malichi 2023, munthu wina adaswa ndi zipolopolo zitseko zagalasi za sukulu ya Covenant mu mzinda wa Nashville, napha ana atatu a zaka 9 ndi akuluakulu atatu, kuphatikizapo mphunzitsi wamkulu. Sukuluyi ndi ya mpingo wa Presbyterian, ndipo mmodzi mwa ana ophedwawo adali mwana wa mbusa wa mpingowo. Choncho mkangano uwu sudathere kwa andale okha. Udalowa m'matchalitchi, ndipo Akhristu owerenga Baibulo limodzi adagawanika pakati. Ena mwa makolo a pa Covenant pomwepo, amene ana awo adapulumuka tsikulo, adapita ku nyumba ya malamulo kukakana lamulo lopangidwa m'dzina la chisoni chawo.

Kwa ife amene mfuti timaiona kwa msilikali, wapolisi ndi mbava, nkhaniyi imamveka ngati nthano. Ku America si choncho. Ufulu wokhala ndi mfuti udalembedwa m'malamulo aakulu a dzikolo mu 1791. Bungwe la Small Arms Survey la ku Geneva lidayerekeza mu 2018 kuti anthu wamba a ku America ali ndi mfuti pafupifupi 393 miliyoni, kuchuluka kuposa anthu enieniwo. Mu 2020 mfuti idaposa ngozi za pamsewu pa kupha ana ndi achinyamata a m'dzikomo. Ndi m'dziko lotere mmene funso loti mphunzitsi anyamule mfuti limafunsidwa ndi anthu anzeru zawo, ambiri a iwo opemphera.

Ganizoli lidakula pang'onopang'ono, ndipo lidakulira pa manda. Pa sukulu ya Columbine ku Colorado, pa 20 Epulo 1999, ophunzira 12 ndi mphunzitsi mmodzi adafa tsiku limodzi. Pa 14 Disembala 2012, ku Sandy Hook m'chigawo cha Connecticut, adaphedwa ana 20 a zaka 6 ndi 7, pamodzi ndi amayi 6 ogwira ntchito pa sukulupo. Patangotha sabata, a Wayne LaPierre, amene panthawiyo ankatsogolera bungwe la eni mfuti la National Rifle Association, adanena kuti munthu woipa wa mfuti angaletsedwe ndi munthu wabwino wa mfuti basi. Anthu 17 ataphedwa ku Parkland, m'chigawo cha Florida, pa 14 Febuluwale 2018, pulezidenti Donald Trump adati aphunzitsi odziwa mfuti azinyamula, ndipo azilandira kangachepe kowonjezera. Florida idakhazikitsa ndondomeko yolola ena ogwira ntchito pa sukulu kunyamula mfuti chaka chomwecho, ndipo mu 2019 idalola ndi aphunzitsi a m'kalasi omwe. Mabungwe awiri aakulu a aphunzitsi m'dzikomo akhala akukana.

Si bwino kuwaona ovomereza ganizoli ngati anthu ouma mtima. Kamudzi ka Harrold ku Texas kadayamba kulola aphunzitsi ake kunyamula mfuti cha m'ma 2008, ndipo chifukwa chimene adapereka n'chomveka kwa aliyense wodziwa moyo wa kumudzi: ofesi ya polisi ili pa mtunda wa mphindi pafupifupi 30. Wakupha safuna mphindi 30. Ku Parkland kuwombera konse kudatenga mphindi pafupifupi 6. Kholo lofunsa kuti mwana wanga adzamutchinjiriza ndani m'mphindi zimenezo likufunsa funso lachikondi, ndipo liyenera kuyankhidwa mwaulemu.

Akhristu a mbali imeneyi amatsegula Nehemiya mutu 4, pamene omanga linga la Yerusalemu adagwira ntchito ndi dzanja limodzi, linalo litagwira chida, poopa Sanibalati ndi anzake. Amatsegula Luka mutu 22, pamene Ambuye adalankhula zogula lupanga. Koma mawu amene amawakonda koposa ndi a Yohane mutu 10, onena za mbusa, waganyu ndi mmbulu. Amati mphunzitsi ndi mbusa wa tiana, tsono mbusa wotani amene amapita kubusa wopanda chibonga?

Apa ndi pamene ndimasiyana nawo. Sindikunena kuti kuteteza mwana ndi tchimo, iyayi. Chimene ndikufunsa n'chakuti, mmbuluyo ndani? Adani a Nehemiya adali kunja kwa linga. Amene adapha anzawo ku Columbine adali anyamata awiri ophunzira pa sukulu pomwepo. Wa ku Sandy Hook adaphunzirapo pa sukuluyo ali mwana. Wa ku Parkland, wa zaka 19, adali wophunzira wakale wa pomwepo. Wa ku Covenant nayenso adadutsa m'makalasi omwewo. Kawirikawiri woombera sachokera kuthengo. Amachokera m'khola momwemo, dzina lake lidalembedwapo m'kaundula, ndipo pali mphunzitsi amene adamugwira dzanja pomuphunzitsa kulemba. Pamene lamulo likupatsa mphunzitsi mfuti, likumuuza kuti akhale wokonzeka, m'mawa uliwonse polowa m'kalasi, kupha mmodzi mwa ana amene adapatsidwa kuti awalere. Makolo athu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo palibe ntchito yokhazikika pa mwambi umenewu kuposa uphunzitsi. Mtima umodzi sungathe kumuona mnyamata yemweyo ngati mwana wako ndiponso ngati chandamale, popanda china mwa ziwirizi kufooka.

Alipo munthu amene adaima pamalo pamenepo ndi mfuti m'manja. Mu Okutobala 1997, pa sukulu ya ku Pearl m'chigawo cha Mississippi, mnyamata wa zaka 16 adapha ophunzira anzake awiri. Wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, a Joel Myrick, adathamangira ku galimoto yawo, natenga mfuti, namuimitsa mnyamatayo mpaka apolisi adafika, osamuwombera. Nkhani yawo imatchulidwa kawirikawiri ngati umboni woti aphunzitsi azinyamula mfuti. Koma eni akewo atafunsidwa mu 2018 adati sagwirizana nazo. Adati aphunzitsi aziphunzitsa, ndipo ulonda upatsidwe kwa anthu ophunzitsidwa ntchitoyo.

Palinso bodza lina lobisala m'mkanganowu, lakuti chimene chimasowa m'sukuluzi ndi munthu wolimba mtima wokhala ndi chida. Tiyeni tione mwatsatanetsatane. Ku Sandy Hook, mphunzitsi wamkulu, mayi Dawn Hochsprung, atamva kulira kwa mfuti adathamangira komweko chimanjamanja, ndipo adafera komweko. Mayi Victoria Soto, a zaka 27, adafa akutchinjiriza ana a m'kalasi mwawo. Ku Parkland, a Aaron Feis, wophunzitsa masewero, adaika thupi lawo pakati pa zipolopolo ndi ophunzira. Pa sukulu yomweyo padali wapolisi wolembedwa kulondera, wokhala ndi mfuti, ndipo adakhala panja mpaka zonse zidatha. Khoti lidamupeza wosalakwa mu 2023, ndipo si kwa ine kumuweruza, pakuti palibe amene amadziwa mtima wake mpaka tsiku loyesedwa litafika. Petro nayenso adalumbira usiku, tambala namutsutsa m'mbandakucha.

Za ku Uvalde, m'chigawo cha Texas, n'zovuta ngakhale kuzilemba. Pa 24 Meyi 2022, mnyamata wa zaka 18 adalowa m'sukulu ya pulayimale ya Robb ndi mfuti yaikulu imene adagula movomerezeka atangokwanitsa zakazo. Adapha ana 19 ndi aphunzitsi awiri, mayi Irma Garcia ndi mayi Eva Mireles. Kafukufuku wa aphungu a ku Texas adapeza kuti pamalopo padafika achitetezo 376. Padapita mphindi 77 asadathyole chitseko cha kalasi, chonsecho ana ena ali m'katimo akuimba foni ku polisi monong'ona kupempha thandizo. Mfuti za anthu abwino zidalipo mazanamazana tsikulo. Tsono ngati amuna ovala zotchinga zipolopolo, amene adalumbira ndi kuphunzira ntchitoyi, adazengereza pakhomo, n'chiyani chimene tikuyembekeza kwa mayi wophunzitsa masamu, ali ndi kamfuti kakang'ono, ana akulira momuzungulira, utsi uli tolo, ndipo apolisi olowawo sakudziwa kuti mwa anthu awiri a mfuti wakupha ndi uti?

Patangopita masabata ochepa chichitikireni za ku Uvalde, chigawo cha Ohio chidachepetsa maphunziro ofunika kwa wogwira ntchito pa sukulu wonyamula mfuti, kuchoka pa maola opitirira 700 kufika pa maola 24. Amenewo ndi masiku atatu a ntchito. Ndipo mfuti siigona masiku onse amene wakupha sadabwere, amene ndiwo ochuluka. Mu Malichi 2018, ku Seaside m'chigawo cha California, mphunzitsi amene adalinso wapolisi wothandizira adaombera kudenga mwangozi m'kalasi, wophunzira navulala.

Ndikawerenga Aroma mutu 13, ndimaona kuti mtumwi Paulo adaika lupanga m'manja mwa wolamulira, pamodzi ndi udindo wake wonse. Boma likapereka lupangalo kwa mphunzitsi limaoneka ngati lamupatsa mphamvu, pamene lamutula katundu amene lidayenera kusenza lokha. Kuletsa mnyamata wa zaka 18 kugula mfuti yoopsa kumafuna andale olimba mtima okonzeka kutaya mavoti. Kulola aphunzitsi kunyamula mfuti sikufuna zambiri, ndipo zinthu zikadzalakwika wofunsidwa adzakhalapo kale. Njira ina idayesedwapo. Ana 16 ndi mphunzitsi wawo ataphedwa ku Dunblane, ku Scotland, mu Malichi 1996, dziko la Britain lidaletsa anthu wamba kukhala ndi mfuti zazing'ono za m'manja mu 1997. Za malupanga awiri a pa Luka 22 sinditalikitsa. Usiku womwewo limodzi lidasololedwa m'munda wa Getsemane, khutu la kapolo lidadulidwa, ndipo Ambuye adaletsa wosololayo nachiritsa wovulalayo. Mbusa wa pa Yohane 10 amadziwika ndi zinthu ziwiri, kudziwa nkhosa zake ndi kutaya moyo wake chifukwa cha izo. Aphunzitsi aja adachita zonse ziwiri.

Kudziwa nkhosa si kanthu kakang'ono. Pa 20 Ogasiti 2013, mnyamata wa zaka 20 adalowa m'sukulu ya pulayimale ku Decatur, pafupi ndi mzinda wa Atlanta, ali ndi mfuti yaikulu ndi zipolopolo pafupifupi 500. Adakumana ndi mayi Antoinette Tuff, osunga mabuku a ndalama mu ofesi. Mayiwa adalankhula naye, namuuza za mavuto a moyo wawo ndi za banja lawo limene lidatha, namuuza kuti amamukonda, uku akupemphera chamumtima. Mnyamatayo adaika mfuti pansi, ndipo palibe adafa. Sindikunena kuti aliyense wobwera ndi mfuti angamve mawu. Wa ku Sandy Hook sadapereke mpata wotero. Koma mayi Tuff akadakhala ndi mfuti m'dirowa, n'zokayikitsa kuti kukambiranako kukadayamba n'komwe.

Nkhani imene ndikufuna makolo a m'mipingo aisinkhesinkhe ndi ya ku Oxford, m'chigawo cha Michigan. Kumapeto kwa Novembala 2021, bambo wina adagulira mwana wake wa zaka 15 mfuti yaing'ono ngati mphatso ya Khirisimasi. Patapita masiku atatu, mphunzitsi adamuona mnyamatayo akufufuza za zipolopolo pa foni, nakanena. M'mawa mwake, pa 30 Novembala, mphunzitsi wina adapeza pepala limene mnyamatayo adajambulapo mfuti ndi munthu wokha magazi, nalembapo mawu opempha thandizo. Nayenso adakanena. Aphunzitsi awiriwo adaona ngoziyo isadachitike, ndipo adaiona ndi maso a munthu wozolowera kuyang'ana ana. Makolo adaitanidwa ku ofesi m'mawa womwewo, nalangizidwa kuti amupezere mwanayo uphungu msanga. Sadamutenge kupita naye kunyumba, ndipo sadatchule za mfuti imene adamugulira. Palibe adatsegula chikwama chake. Mnyamatayo adabwerera m'kalasi, ndipo masana a tsikulo adaombera anzake. Ophunzira anayi adafa.

Khoti la ku Michigan lidapeza bambo ndi mayi a mnyamatayo olakwa pa mlandu wopha anthu mosasamala, koyamba m'mbiri ya dzikolo kuti makolo aweruzidwe motero chifukwa cha mwana wawo woombera pa sukulu. Aliyense adalamulidwa kukakhala m'ndende zaka 10 mpaka 15. Chigamulocho chidaperekedwa mu Epulo 2024, mwezi womwe aphungu a ku Tennessee ankavota zopatsa aphunzitsi mfuti.