Umunthu: Chipangizo Chimene Chimagwetsa Ambiri pa Mayeso

Wophunzira, mwa zipangizo zonse za ndakatulo, umunthu ndi chimodzi mwa zosavuta kuzindikira. Komabe chaka ndi chaka ndimaona ophunzira a Fomu 4 akutaya malikesi pa chipangizo chomwechi. Vuto si kuloweza tanthauzo ayi. Ambiri amaimba bwinobwino kuti umunthu ndi pamene mlakatuli wapatsa chinthu chomwe si munthu makhalidwe, maganizo kapena zochita za munthu. Koma muwapatse ndakatulo kuti aloze pamene pali umunthupo, thukuta kamukamu.

Chipangizochi si chachilendo. Mumachimva kunyumba tsiku lililonse. Amayi akati "mvula yakana chaka chino", kodi mvula ili ndi mtima woti n'kuvomera kapena kukana? Pamaliro timamva kuti imfa ilibe chisoni. M'nthano, Kalulu amanamiza Njovu ndipo nyama zimaweruzana milandu pabwalo ngati kwa mfumu. Zonsezi ndi umunthu.

Tsopano taonani ndime iyi yomwe ndapeka kuti tiphunzirepo:

Njala yafika ndi mphasa yake,
Yayala pakhonde pa agogo.
Nkhokwe yazolika ndi manyazi,
Mthiko ukufunsa mphika za mawa.

Mzere woyamba ndi wachiwiri, njala yasanduka mlendo. Koma musathamange. Mlendo wobwera ndi mphasa yake ndi wotani? Ndi uja amene sabwerera tsiku lomwelo, wadzagonera. Choncho woyankhula akutiuza kuti njalayi ikhalitsa, monga imachitira m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale chimanga chisanache. Mzere wachitatu, nkhokwe yapatsidwa manyazi. Amachita manyazi ndi munthu amene walephera udindo wake, ndipo udindo wa nkhokwe ndi kudyetsa banja. Mlakatuli sananene kuti "chimanga chatha", koma tamva, ndipo tamva ndi chisoni chomwe. Mzere womaliza ndiwo umandisangalatsa kwambiri: ziwiya zili pa ulova, zangotsala n'kucheza. Nkhawa ya agogo yaikidwa m'kamwa mwa mthiko.

Apa ndiye pagona malikesi. Mafunso a MANEB pa mayeso a MSCE sangothera pa "tchulani chipangizo". Mukhoza kufunsidwanso kuti mupereke chitsanzo ndi kufotokoza tanthauzo lake. Yankho loti "pali umunthu chifukwa nkhokwe si munthu" ndi lopereweza. Lembani chonchi: "Mlakatuli wagwiritsa ntchito umunthu m'mawu oti 'nkhokwe yazolika ndi manyazi'. Kuchita manyazi ndi khalidwe la munthu. Mawuwa akusonyeza kuti m'nkhokwe mulibe chakudya." Mwatchula, mwaloza mawu enieniwo, mwamasulira. Basi.

Chenjerani ndi misampha iyi. Si chilichonse chochita chinthu chopanda moyo chomwe chili umunthu. "Mphepo ikuomba" si umunthu, imeneyo ndi ntchito yake mphepo. "Galu akuuwa" si umunthu. Koma "mphepo ikunong'oneza mitengo miseche" ndiye umunthu, pakuti miseche ndi ya anthu. Dzifunseni: kodi chochitikachi chimafuna nzeru, mtima kapena pakamwa pa munthu?

Msampha wina ndi kusokoneza umunthu ndi anzake. Mukaona mawu oti ngati, monga kapena kunga akufananitsa zinthu ziwiri, chimenecho ndi chifanifani: "Njala yakhala pakhomo ngati mlendo." Mukachotsa "ngati" n'kunena kuti "Njala ndi mlendo", mwalowa m'chiyerekezo. Ndipo "Mwana uyu ndi nkhumba" si umunthu ngakhale pang'ono. Pamenepa zatembenuka: munthu ndiye wapatsidwa khalidwe la nyama. Ophunzira ambiri amagwa apa chifukwa angoona munthu ndi nyama m'chiganizo chimodzi.

Kumbukiraninso kuti umunthu umakuthandizani pa funso la woyankhula. Ndakatulo ikati "Mwandidula manja, mawa mudzausa pati?" musalembe kuti akuyankhula ndi munthu wolumala. Mawu oti "mudzausa" akuloza mthunzi, choncho woyankhula ndi mtengo, manjawo ndi nthambi, ndipo woyankhulidwa ndi anthu odula mitengo.

Musanatsegule tsamba lotsatira, tengani kope lanu mulembe mizere 4 yokhala ndi umunthu yonena za mtsinje wa kwanu. Mnzanu aloze umunthuwo ndi kuumasulira popanda inu kumuuza kanthu.