Kupalasa Choimirira

Kodi munaonapo asodzi a ku Mlowe, m'boma la Rumphi, akupalasa mabwato pa Nyanja ya Malaŵi? Ntchito imeneyi imafuna luso, makamaka mwera ukamaomba, pakuti bwato lingathe kugubuduzika.

Ku Hawaii, m'nyanja yamchere ya Pacific, kupalasa kuli ndi mpikisano wake. Wopalasa amaimirira pa thabwa lalitali, nkhafi ili m'manja. Mpikisano wotchuka umayambira pa chilumba cha Molokai kukathera pa chilumba cha Oahu, mtunda wopitirira makilomita 50. Wopikisanayo amapinda maondo pang'ono kuti asagwe, ndipo amalola funde lochokera kumbuyo kuti limkankhe.

Motero wopambana si wamphamvu chabe ayi, koma wodziŵa mphepo ndi mafunde, monga msodzi wa ku Mlowe.