Mayeso a Pamaso ndi Mayeso Okachitira Kunyumba

Wofuna ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta sadutsa ndi satifiketi yokha. Akacheza naye koyamba pa foni, olemba ntchito amafuna aone luso lake, ndipo njira zofala ndi ziwiri: kulemba code iwo akuona, kapena kupatsidwa ntchito yokachitira kunyumba.

Njira yoyamba ndiyo yodziwika ku makampani akuluakulu monga Google ndi Amazon. Amakupatsa funso ndi mphindi pafupifupi 45, uzilemba uku ukufotokoza mmene ukuganizira. Ubwino wake ngwakuti sizitenga nthawi, komanso palibe angakulembere. Vuto ndi mantha. Mu 2020, ofufuza a North Carolina State University ndi Microsoft adapeza kuti anthu akamalemba wina atawayang'anitsitsa, kakhozedwe kawo kamatsika ndi theka. Mafunso akenso amakomera amene watha miyezi akuyeserera mafunso otere pa webusaiti ya LeetCode. Mu 2015, Max Howell, yemwe adayambitsa pulogalamu ya Homebrew, adadandaula poyera kuti Google idamukana atalephera funso la pabolodi, pomwe pulogalamu yake imagwiritsidwa ntchito ndi akatswiri ambirimbiri.

Njira yachiwiri imafanana ndi ntchito yeniyeni. Amakuuza kuti upange kapulogalamu kakang'ono m'masiku angapo, nthawi zambiri n'kukatumiza pa webusaiti ya GitHub. Umafufuza, kuyesa, kukonza, mtima uli m'malo. Kwa wachinyamata wa ku Lilongwe kapena ku Chipata wofunsira ntchito kunja, apa mpabwino: magetsi akazima kapena intaneti ikaduka, amadikira n'kupitiriza, pomwe pa mayeso a pamaso mwayi umathera pomwepo.

Koma nayonso ili ndi minga. Ntchito imene amati ndi ya maola anayi imatha kudya Loweruka ndi Lamlungu, popanda malipiro. Mbeta yosagwira ntchito ingakwanitse. Mayi wa ana amene ali kale pantchito ina amavutika. Komanso chibwerereni ChatGPT mu 2022, yomwe imatha kulembera munthu code, nkovuta kudziwa ngati walemba ndi mwiniwake.

Tikaziika pa sikelo, yoyamba imayesa kulimba mtima ndi changu, yachiwiri imayesa kasamalidwe ka ntchito. Olemba ntchito angachite bwino kupereka kantchito kosapyola maola awiri kapena atatu, kenaka n'kukhala pansi ndi wofunsirayo kuti afotokoze chifukwa chimene adalembera choncho. Ndipo inu ofunsira, konzekerani zonse ziwiri, pakuti wosankha njira si inu.