Nsatsi

Nsatsi ndi chitsamba chimene chimamera m'madera ambiri a m'Malaŵi. Chimakonda m'mbali mwa mitsinje, m'mabwinja ndi kuseri kwa makola kumene kuli nthaka yachonde. Masamba ake ndi aakulu ndipo amatambasuka ngati zala za dzanja. Zipatso zake zili ndi timinga tofeŵa. M'chipatso chilichonse mumakhala njere zitatu zamaŵangamaŵanga zofanana ndi nkhupakupa yokhuta.

Anthu anadziŵa ubwino wa nsatsi kalekale. Ku Egypt ankayatsira nyale mafuta ake ndi kuchizira matenda zaka zoposa 3,000 zapitazo. Masiku ano dziko limene limalima nsatsi zambiri ndi India.

Pafupifupi theka la njere ya nsatsi ndi mafuta. Pofuna kuyenga mafutawo, amayi amayamba ayanika njerezo, kenaka amazikazinga paphale ndi kuzisinja mumtondo. Akatero amaziphika mumphika wa madzi. Madzi akaŵira, mafuta amayandama pamwamba, ndipo amaŵatapa pang'onopang'ono ndi kuŵasunga m'nsupa.

Mafuta ameneŵa ali ndi ntchito zambiri. Makolo akale ankadzola kuti khungu lisatuŵe ndiponso kuti mapazi asang'ambike m'nyengo yachisanu. Asing'anga ankasanganiza mankhwala awo ndi mafuta omweŵa. Munthu akatupa mwendo, ankafunditsa masamba a nsatsi pamoto ndi kumuthowa nawo. Mafuta a nsatsi oyengedwa bwino amathandizanso munthu wodzimbidwa chifukwa amatsegula m'mimba. Koma mwana asamwe mafutaŵa popanda uphungu wa dokotala, ndipo mayi woyembekezera asamwe chifukwa angayambitse matenda a kubereka nthaŵi isanakwane.

Ngakhale nsatsi ndi yothandiza chotere, njere zake zili ndi ululu woopsa. Poyenga, ululuwo suloŵa m'mafuta koma umatsalira m'zotsala za njerezo. Mwana akatafuna njere zoŵerengeka chabe amasanza, amatsegula m'mimba, ndipo angathe kufa. Ziŵeto nazonso zimadwala zikadya njerezi. Nchifukwa chake ana sayenera kuseŵeretsa nsatsi pafupi ndi makanda amene amaika chilichonse m'kamwa. Mwana amene wadya nsatsi ayenera kupita naye kuchipatala msanga, ngakhale asanayambe kudwala.

Mafunso
1. Kodi nsatsi imakonda kumera m'malo otani?
2. Fotokozani mmene amayi amayengera mafuta a nsatsi.
3. Tchulani ntchito ziŵiri za mafutaŵa.
4. Kodi mwana akadya njere za nsatsi, anzake achitenji?