MUSANAIKE MATAILOSI M'BAFA, YAMBANI MWAKONZA PANSI

Wolemba Mtolankhani Wathu, Lusaka

Munthu woyenda m'misewu ya Kabwata kapena Chelstone salephera kuona milu ya mcenga ndi miyala pazipata za nyumba. Zambiri mwa nyumba zimenezi zinali za Khonsolo ndi za Boma, ndipo okhalamo anali kungolipira lendi mwezi ndi mwezi. Mu 1996, pa ulamuliro wa President Frederick Chiluba, nyumbazo zinayamba kugulitsidwa kwa anthu amene anali kukhalamo. Kucokera pamenepo mwini nyumba aliyense amakonza yake monga afunira, ndipo pa zokonzedwazo bafa silitsala. Pansi pofiira pa masiku akale pakulowa matailosi.

Nkhaniyi ikukhudzani inunso awerengi a kumudzi. Ana anu ogwira nchito mu Lusaka akumanga nyumba za njerwa zoocha ku Katete, Petauke ndi Lundazi, zina zokhala ndi bafa m'kati, ndipo kawirikawiri woyang'anira nchitoyo ndi kholo kapena malume wotsala pamudzi. Ndalama imacokera kutali, koma maso ndi anu.

Mai aliyense wozira nyumba adziwa kuti sazira pa dothi lofumbutuka. Amayamba watsindira pansi mpaka palimbe, apo ai zozirazo zimasweka mwezi usanathe. Tailosi nayo iri cimodzimodzi. Ndi dongo loocha, lolimba koma losapindika, ndipo kucindikala kwake nthawi zambiri sikufika sentimita imodzi. Pansi pake pakakhala mphako, mwendo wa munthu wokha ukhoza kuiswa. Cina cimene ambiri sadziwa ndi cakuti matailosi sachinga madzi kotheratu. Madzi amalowa m'mizere ya pakati pa tailosi ndi inzake, nakhala pansipo.

PANSI PAKALE

Ku maiko monga America nyumba zambiri ziri ndi pansi pa matabwa, cotero amisiri a kumeneko amayamba akhomapo mabolodi a simenti kuti pasagwedere. Kwathu kuno pansi ndi pa konkire, ndipo mdani wathu wamkulu ndi polishi. Nyumba ya ku Kabwata imene amai akhala akuipukuta ndi polishi wofiira kwa zaka makumi atatu, simenti yake inamwa mafuta, ndipo simenti yomatira matailosi singagwirepo. Kuyesa kwake n'kosavuta. Donthezani madzi pansipo. Akalowa m'simenti, pali bwino. Akangoima ngati mikanda, pafunika kusema ndi nyundo ndi chizulo mpaka simenti yokhakhala ioneke ponseponse. Kutema apa ndi apo ngati mphini sikukwanira.

Posema mvetserani kulira kwa nyundo. Pamene palira ngati ng'oma ndiye kuti simenti ya pamwamba inalekana ndi konkire, ndipo yonseyo icotsedwe. Mng'alu waung'ono ungathe kukulitsidwa ndi kutsekedwa, koma ngati mbali imodzi ya mng'aluwo yatsika kuposa inzake, dothi la pansi likutitimira. Pamenepo matailosi adikire, konkire iphwanyidwe ndi kuthiridwanso.

M'nyumba zakale za ku Woodlands ndi Kabulonga, kumene kunali kukhala Azungu dziko lisanalandire ufulu mu 1964, mumapezeka timatailosi ta pulasitiki tomatidwa ndi phula lakuda. Phulalo lipalidwe lonse. Tina mwa timatailosi takaleto tinapangidwa ndi asbestos, amene fumbi lake limaononga mapapo, cotero mmisiri atinyowetse pocotsa ndipo asatipere ndi makina.

Imeneyi ndiyonso nthawi yoona mapaipi. Paipi yacitsulo imene yakhala m'nthaka zaka makumi anai iri ndi dzimbiri m'kati ngakhale kunja ioneke yabwino. Kuisintha lero ndi ndalama zocepa. Ikadzaboola matailosi ataikidwa kale, bafa lonse lidzagumulidwa.

MADZI A PANSI NDI A PAMWAMBA

Mbali yaikulu ya mzinda wa Lusaka inakhala pa mwala wa laimu, ndipo m'madera ena madzi a m'nthaka ali pafupi kwambiri. Anthu a ku Kanyama ndi Misisi amazionera okha dzinja likafika. Cinyezi cimakwera m'konkire monga momwe mafuta amakwerera m'cingwe ca nyale. N'cifukwa cake pomanga bafa latsopano, dothi likatsindiridwa bwino, payalidwe pepala locindikala la pulasitiki konkire isanathiridwe. Kumudzi lamulo ndi lomweli, makamaka kwa omanga pafupi ndi dambo. Pa konkire yakale, matani kapepala ka pulasitiki pansi madzulo, mutseke m'mbali mwake monse, ndipo mukaone mawa lake. Mukapeza mame kunsi kwake, pansipo sipanaume.

Tsono pamabwera simenti yosalazira, imene iyenera kucindikala masentimita atatu kapena anai. Muyeso wake ndi ndowa imodzi ya simenti ku ndowa zitatu kapena zinai za mcenga wa kumtsinje. Ndowa ikhale imodzimodziyo, pakuti muyeso wa fosholo umasintha mkono ukatopa. Mcenga wothimbiriritsa manja uli ndi dothi, usagwiritsidwe nchito. Simenti nayonso ionedwe. Kaya ndi ya ku Chilanga, kumene kampani yake inayamba mu 1949, kaya ndi ya kwina, thumba la makilogalamu 50 likakhala ndi zibuma zosaphwanyika ndi zala ndiye kuti linamwa cinyezi ndipo mphamvu yake inacepa.

Apa ndi pamene mmisiri weniweni amadziwikira. Pansi pa bafa payenera kupendekera ku dzenje loturutsira madzi, kutsika sentimita imodzi ndi theka kapena awiri pa mita iriyonse. Kupendekeka kumeneku kumapangidwa ndi simenti yosalazirayo. Mmisiri wonena kuti adzakonza pomata matailosi akukunamizani, cifukwa simenti yomatira imapakidwa mopyapyala. Bafa lopendekera kukhomo limatumiza madzi m'cipinda cogona, ndipo loima madzi pakati limamera ndere zoterera, zimene zagwetsa okalamba ambiri.

Simenti siilimba ndi dzuwa, imalimba ndi madzi. Ithiriridwe masiku 7, makamaka m'mwezi wa October pamene kutentha kumaiumitsa isanagwirane. Pambuyo pake isiyidwe. Konkire yatsopano imafuna milungu 6, yosalazira milungu itatu kapena inai, popeza simenti imakhwinyata pamene ikuuma ndipo matailosi oikidwa msanga amatukumuka ndi kusweka.

Pakauma, papakidwe mankhwala ochinga madzi, amene amagulidwa m'masitolo a zomangira monga a ku Kamwala. Apakidwe kawiri, akwere pakhoma masentimita 15, ndipo pamalo posambira penipeni apitirire msinkhu wa munthu. M'makona ndi mozungulira paipi ndimo mofunika kusamala koposa. Akauma, tsekani dzenje, thirani madzi, lembani cizindikiro pamene alekeza, ndipo muwasiye maola 24. Akatsika, pali podontha.

MWINI NYUMBA AKHALEPO

Masiku onse odikirawa mmisiri sawakonda, ndipo sitingamuweruze kwambiri. Amalipidwa nchito ikatha, ndipo kwina kukumuyembekeza nchito ina. Mwini nyumba nayenso amafuna kuona matailosi owala msanga, ndiye onse awiri amagwirizana pa cinthu cimene cidzapweteka mmodzi yekha. Cabwino n'kupangana malipiro awiri, ena a kukonza pansi, ena a kuika matailosi, kuti mmisiri apite kukagwira kwina pamene simenti ikukhwima.

Musacite manyazi kufunsa ngakhale simunagwirepo levulo. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tailosi yoyamba isanaikidwe, gonekani thabwa loongoka la mamita awiri pansipo. Mpata wa kunsi kwake usapitirire mamilimita atatu. Kenaka khuthulani ndowa ya madzi pakhomo la bafa mmisiri ali pomwepo, ndipo nonse muone kumene madziwo alowera.